PHP, Python, Java kapena Rust: zida n'zobwerekana, anthu ake ndiye osiyana

Mwana wa achemwali anga wa ku Mufakose, muno mu Harare, wangomaliza chaka choyamba cha maphunziro a kompyuta, ndiye akuluakulu a bungwe lathu la maliro anamugwira dzanja. Buku lawo lachikuto chakuda, momwe amalembamo zopereka za mwezi ndi mwezi, layamba kuthothoka masamba, ndipo akufuna kapulogalamu kosunga kaundula yense. Mnyamatayo anandipeza Loweruka masana, laputopu ili m'khwapa. "Amalume, ndilembe m'chilankhulo chiti? Anzanga akuti PHP ndi ya anthu osaphunzira, Java ndi ya madala a kubanki, Python ndi ya ana, ndipo amene mitu yawo imagwira amalemba Rust."

M'mawu ake onsewo munalibe ngakhale chimodzi chonena za zilankhulozo. Ankandiuza mbiri za anthu. Ndi mmene ambiri timasankhira, ndipo zimandidetsa nkhawa, chifukwa ndaona achinyamata akutaya ntchito yolipidwa poopa kusekedwa ndi anthu omwe sadzakumana nawo n'komwe. Zimene tinakambirana tsiku lija ndaziika pano kuti zithandize ena amene aima pamphambano yomweyi.

Chobwereka chili paliponse

Amene tinakulira ku Mbare, Highfield, Mabvuku kapena Dzivarasekwa nkhani ya kubwereka mawu sitifunika kuiphunzira m'kalasi. Chichewa chathu cha kuno chimanunkhira Chishona, ndipo ngakhale cha kumudzi chinatenga nsapato ndi kalata kwa Apwitikizi, ndege kwa Aswahili. Palibe amene amavala nsapato n'kumaganiza za Lisbon. Zilankhulo za kompyuta n'chimodzimodzi, kungoti kumeneko zaka zake zinalembedwa, tingathe kuloza kuti ichi chinachokera apa.

Zoti pulogalamu izidzisesera yokha memory imene yatha ntchito, zimene timati garbage collection, anaziyambitsa John McCarthy pa chilankhulo cha Lisp cha m'ma 1959. Lero Java, Python, PHP, JavaScript ndi Go zonse zimadalira nzeru imeneyo. Class, chikombole chopangira zinthu zofanana mu pulogalamu, yomwe ophunzira ambiri amaganiza kuti ndi ya Java, inabadwira ku Norway mu Simula ya 1967, kwa Ole-Johan Dahl ndi Kristen Nygaard. Koma chitsanzo chimene ndimakonda ndi async ndi await, mawu awiri othandiza pulogalamu kuti isaime njo podikira yankho la pa netiweki. Ganizoli linaonekera mu F# mu 2007, C# inalipatsa mawu awiriwa mu 2012, Python inatenga mu 2015, JavaScript mu 2017, Rust mu 2019, Swift mu 2021. Zaka 14, nkhwangwa imodzi yazungulira mudzi wonse, ndipo nyumba iliyonse inaikamo mpini wakewake.

Ndiye munthu akakuuzani kuti chilankhulo chake chili ndi chida chimene ena alibe, mufunseni kuti mpaka liti. Nthawi zambiri ndi nkhani ya zaka zitatu kapena zisanu basi. Zimene sizibwerekeka ndi anthu: amene adzakuyankheni mukafunsa, amene analemba ma library (zidutswa za pulogalamu zokonzeka kale) omwe mudzadalire, ndi amene adzatole code yanu inu mukadzakwera basi ya ku Johannesburg.

Muyeso umene tinagwiritsa ntchito unali wa ntchito yathu yomweyi. Zopereka zimabwera m'madola a ku America ndi mu ZiG, ndalama ya Zimbabwe, zina pamanja zina pafoni kudzera pa EcoCash. Laputopu ndi yogula kale m'tauni, memory yake ndi 4 GB. Magetsi amathima, bandulo imatha. Msungichuma wa bungwe ndi mayi wachikulire amene amadziwa WhatsApp yokha. Ndipo pulogalamuyo iyenera kukhalapobe mnyamatayo atachoka.

PHP, mwana wonyozeka amene amadyetsa banja

Ndiyambe ndi imene imanyozedwa kwambiri. Rasmus Lerdorf anaitulutsa mu 1995 ngati tizida tosamalira tsamba lake la pa intaneti, ndipo sanakhale pansi kuti apange chilankhulo chadongosolo. Zipsera za chiyambi chimenecho zilipo mpaka lero. Function ina ndi strlen, ina ndi str_replace. Mu strpos mumayamba ndi mulu kenako chimene mukufuna, mu in_array mumayamba ndi chimene mukufuna kenako mulu. PHP 6 anaiyamba koma sinatuluke. Amene amaseka sakunama pa zimenezi.

Pamene amalakwitsa m'pakuti akuseka PHP ya zaka 15 zapitazo. Palibe chilankhulo chimene chabwereka mopanda manyazi ngati ichi, ndipo kubwerekako kwachipindulira. PHP 7 ya 2015 inabwera ndi liwiro lalikulu komanso mwayi wonena kuti function iyi imalandira int (nambala) kapena string (mawu). PHP 8 ya 2020 inabweretsa match, union types, ndi named arguments zimene a Python anazolowera kalekale. Enum inafika mu 8.1 chaka chotsatira. Laravel, framework (maziko okonzeka omangirapo pulogalamu) ya PHP imene Taylor Otwell anayamba mu 2011, inaphunzira zambiri kwa Ruby on Rails, ndipo munthu wolemba Laravel lero amalemba code yooneka bwino kuposa yambiri imene ndaiona m'zilankhulo zolemekezeka.

Nanga anthu ake? Amati ndi ongokopera, osadziwa maziko. Ena alidi choncho, ndipo chifukwa chake n'chodziwika: khomo la PHP ndi lalifupi, aliyense amalowa, ndiye oyamba kumene ndi ochuluka. Vuto lenileni limene ndinamuchenjeza mphwanga ndi maphunziro akale amene adakali mbwee pa intaneti, ophunzitsa ma function a mysql_ omwe anachotsedwa mu PHP 7, komanso osonyeza kulumikiza zolemba za mlendo mwachindunji mu SQL (malamulo ofunsira nkhokwe ya deta), njira imene imatsegulira mbava chitseko. Koma anthu a PHP amene ndagwira nawo ntchito muno mu Harare ndi anthu ofatsa, osachita phokoso, odziwa kumaliza ntchito Lachisanu kasitomala n'kulipira. WordPress ndi PHP, Wikipedia imayenda pa PHP, Moodle imene masukulu ambiri amagwiritsa ntchito ndi PHP, ndipo Facebook inayambira pomwepo. Hosting (malo obwereka osungirapo tsamba pa intaneti) yotchipa iliyonse imailandira popanda kuinyengerera: mwakweza mafayilo, tsamba layaka. Pa muyeso wathu uja, imeneyi ndi mfundo yolemera kwambiri.

Python, ndi mbiri yabwino imene ili ndi maziko

Guido van Rossum anatulutsa Python mu 1991 ali ku Amsterdam, ndipo sanabise kumene anatenga zinthu. Zogwiritsa ntchito mipata ya kumayambiriro kwa mzere m'malo mwa zizindikiro anazitenga ku ABC, chilankhulo chimene iye mwini anagwirapo ntchito. List comprehension inachokera ku Haskell n'kulowa mu 2000. Type hints zinafika mu 2015, match mu 2021. Chimene Python imachita bwino ndi kusula chobwerekacho mpaka chioneke ngati chobadwira m'nyumbamo, moti wophunzira sadziwa n'komwe kuti akugwiritsa ntchito nzeru za zilankhulo zovuta.

Anthu ake amadziwika kuti ndi olandira alendo, ndipo apa mbiri ndi zoona zimagwirizana kwambiri. Kuno tili ndi umboni wapafupi. PyCon Zimbabwe yoyamba inachitikira muno mu Harare mu 2016. Marlene Mhangami, wa kuno kwathu, anakhalapo m'bodi ya Python Software Foundation ndipo anatsogolera PyCon Africa yoyamba ku Accra mu 2019. Si zilankhulo zonse zimene mungaloze munthu wa mumzinda wanu amene anafika pamene pamapangidwa ziganizo. Kwa mtsikana wa ku Tafara amene akudzifunsa ngati ntchitoyi ili ndi malo ake, chimenecho chimalemera kuposa liwiro la compiler, chida chosandutsa code kukhala pulogalamu yoyenda.

Koma kufatsa sikutanthauza kuti sakangana. Python 3 inatuluka mu 2008 yosagwirizana ndi Python 2, ndipo mudzi unagawanika mpaka Python 2 inatsekedwa pa 1 January 2020. Mu 2018 mkangano wa kachizindikiro kamodzi, := , unafika poipa moti Guido anatula pansi udindo wotsogolera chilankhulo chake chomwe. Ndimazitchula kuti mphwanga asadzakhumudwe akadzapeza munthu wa Python wamwano. Alipo.

Pa ntchito yathu, Python ili ndi zabwino ziwiri zazikulu. Choyamba ndi Django, framework yake imene inabadwira ku nyuzipepala ina ya ku Kansas n'kutulutsidwa mu 2005. Mukangofotokoza kuti membala ali ndi dzina, nambala ya foni ndi tsiku lolowera, Django imakupatsani masamba olowetsera, kusintha ndi kufufuza zonsezo, ndi malowedwe a password omwe. Theka la ntchito ya bungwe la maliro ndi limenelo. Chachiwiri ndi decimal. Lembani 0.1 + 0.2 mu Python, JavaScript kapena Java ndi manambala wamba a float, mupeza 0.30000000000000004. Kanyenyeswa kameneko kakachulukana m'kaundula wa ndalama za maliro, tsiku lina msungichuma adzaimbidwa mlandu wa masenti amene sanadye. Python imabwera ndi decimal m'thumba, ndipo Django ili ndi DecimalField yokonzeka.

Zofooka zake ndi ziwirinso. Kuiika pa server kumafuna kudziwa zambiri kuposa PHP, ndipo si hosting yotchipa iliyonse imene imaisamala bwino. Komanso type hints zija ndi malangizo chabe: Python payokha siziumiriza pulogalamu ikamayenda, mpaka mutagwiritsa ntchito chida ngati mypy. Munthu angathe kuphatikiza madola ndi ZiG, chilankhulo chili phee.

Java, wobwereka mochedwa

James Gosling ndi anzake ku Sun Microsystems anaitulutsa mu 1995, ndipo khalidwe lake ndi la mkulu amene sathamangira fashoni. Generics inadikira mpaka 2004. Lambda, imene a Lisp anali nayo agogo athu akubwera kudzagwira ntchito m'mafamu ndi m'migodi ya kuno, inalowa mu Java 8 mu 2014. Var mu 2018, records mu 2021, virtual threads mu 2023, zitaoneka kale kuti njira ya Go ndi Erlang ya tintchito tambirimbiri topepuka ikugwira. Java imasiya ena ayambe kuwoloka, ione pamene pali ng'ona.

Anthu amaseka kuchedwaku, komanso mayina a ma class otalika ngati mzere wa makombi pa siteji ya Copacabana madzulo. Amati anthu a Java ndi a mataye, okonda misonkhano. Koma ganizirani amene akusunga pulogalamu ya banki kapena ya kampani ya mafoni. Dziko lino lasintha ndalama kangapo: madola a ku America mu 2009, RTGS mu 2019, ZiG mu April 2024. Nthawi iliyonse pali anthu amene anagona ku ofesi kuti ma balance athu adzuke ali olondola m'mawa. Munthu wotero safuna chilankhulo chosintha maganizo chaka chilichonse. Amafuna choti code ya 2008 iziyendabe, ndipo Java imalonjeza chimenecho kuposa ambiri. Anthu ake saoneka kawirikawiri m'mikangano ya pa intaneti, ndiye mbiri yawo imalembedwa ndi ena.

Kwa mphwanga, Java inagwa pa chinthu chimodzi: laputopu. Zida zolembera Java, makamaka Android Studio, pa 4 GB zimakwawa. Akadzapeza makina abwino n'kufuna ntchito m'mabungwe akuluakulu kapena kulemba mapulogalamu a Android, ndidzamukankhira komweko, ndipo chilankhulo cha Kotlin, chimene Google inachilandira pa Android mu 2017, chidzamufewetsera njira. Pa kaundula wa mamembala mazana angapo, n'kubwereka lole kuti munyamule thumba limodzi la ufa.

JavaScript simuisankha, imakupezani

Chilichonse chimene mungalembe kumbuyo, browser imamva JavaScript, choncho pang'ono pokha muyenera kuidziwa. Brendan Eich anailemba m'masiku khumi ku Netscape mu 1995, ndipo ndi chobwereka kuyambira kuphazi: ma function ake ndi a Scheme, ma prototype ndi a Self, malaya akunja ndi dzina n'zotengera Java chifukwa Java ndi imene inali pakamwa pa anthu chaka chimenecho. Mu 2015 inalandira class ndi arrow functions. TypeScript, imene Microsoft inatulutsa mu 2012 motsogozedwa ndi Anders Hejlsberg, yemwe anapanganso C#, inaiveka ma type.

Mbiri ya anthu ake ndi yoti sakhazikika, framework yatsopano mwezi uliwonse. Apa ndivomereze kuti mbiriyo ili ndi choonadi chambiri, ndipo kwa ife ili ndi mtengo wake weniweni. Npm install imodzi, lamulo lokopera code ya ena pa intaneti, imatha kukoka ma package mazanamazana, bandulo n'kutha musanalembe mzere ndi umodzi womwe. Mu March 2016 munthu wina anachotsa pa npm ka package ka mizere 11 kotchedwa left-pad, ndipo mapulojekiti akuluakulu ambirimbiri padziko lonse analephera kumangika tsiku limenelo. Chikhalidwe chodalira kanthu kakang'ono ka mlendo pa chilichonse chimayenda bwino kumene intaneti ili ngati madzi a mumtsinje. Kuno timatunga ndi ndowa. Komabe palibe mudzi wina umene uli ndi maphunziro aulere ochuluka chotere, ndipo amene akufuna ntchito za kunja ali pakhomo pake ku Glen View, khomo la React ndi TypeScript ndi limene ndaona likutseguka kawirikawiri.

Za Go ndinena mwachidule, chifukwa nayonso ndi yachidule. Robert Griesemer, Rob Pike ndi Ken Thompson anaiyamba ku Google n'kuilengeza mu 2009, ndipo inatchuka ndi zimene inakana kubwereka. Generics anaikaniza mpaka 2022. Ma channel ake anachokera ku pepala la Tony Hoare la 1978. Anthu ake amaonedwa ngati ouma mutu, ndipo iwo amati akuteteza kuphweka. Imakupatsani fayilo imodzi yoti muiponye pa server n'kuyenda, imamangika mofulumira, siidya memory. Ikanakhala ndi chinthu chonga masamba okonzeka a Django, ikanapikisana kwambiri pa ntchito yathu.

Rust ndi alaliki ake

Apa m'pamene tinakhalitsa, chifukwa m'pamene mtima wa mnyamatayo unali. Rust anaiyamba Graydon Hoare, Mozilla n'kuilera, ndipo 1.0 inatuluka mu May 2015. Otsatira ake ena amailankhula ngati inatsika kumwamba, koma eni ake amanena poyera kuti pafupifupi chilichonse m'menemo n'chobwereka. Compiler yake yoyamba inalembedwa mu OCaml, ndipo enum ndi match zake n'za banja limenelo la zilankhulo lotchedwa ML. Ma trait ndi ana a type classes a Haskell. Nzeru zoyang'anira memory popanda garbage collector zinayesedwapo mu chilankhulo cha Cyclone. Chatsopano ndi kuluka kwake: anatenga zinthu zimene zinkakhala m'mayunivesite n'kuzipereka kwa anthu olemba mapulogalamu othamanga ngati a C. Mlendo ndi amene amabwera ndi kalumo kakuthwa, ndipo kalumo aka n'kakuthwadi.

Ndinamusonyeza chifukwa chake anthu amaikonda chotere, pogwiritsa ntchito vuto lathu lomwe. Mu Rust mungapange type ya Usd ndi type ya Zig, iliyonse yosunga masenti. Mukayesa kuziphatikiza, pulogalamu siimangika n'komwe. Cholakwacho chimagwidwa pa desiki panu, osati pamaliro pamene banja likuwerenga ndalama ya bokosi. Mulibenso null wamba, chizindikiro choti pamalopo palibe kanthu, chimene chimagwetsa pulogalamu mukachiiwala. Tony Hoare, amene analowetsa null mu ALGOL W mu 1965, anadzanena yekha mu 2009 kuti chinali cholakwa chowonongetsa madola biliyoni. Rust imakukakamizani kunena chimene chichitike ngati membala alibe nambala ya foni, musanapitirire. Munthu amene wagonapo usiku akusaka cholakwa chamtundu umenewu akakumana ndi zimenezi amafuna kuuza aliyense, ndipo m'pamene ulaliki umayambira.

Mbiri yoti anthu a Rust ndi onyada, ongouza aliyense kuti alembenso zonse mu Rust, inachokera kwa ochepa aphokoso. Amene ndinawapeza nditafunsa mafunso a munthu woyamba anali odekha, ndipo mudzi wawo unaika malamulo a kalankhulidwe kuyambira pachiyambi. Ngakhale compiler yawo imalankhula mwaulemu: imaloza mzere, imafotokoza chifukwa, kawirikawiri n'kukuuzani chokonza. Chikhalidwe cha anthu chimalowa mpaka m'mauthenga a zolakwa. Kuyambira 2016 Rust inakhala zaka zingapo zotsatizana ikutsogola pa kafukufuku wa Stack Overflow wa chilankhulo chimene ochigwiritsa ntchito amachikonda kwambiri, ndipo mu December 2022 inayamba kulandiridwa mu Linux kernel, nyumba imene C inakhalamo yokha zaka 30.

Nanga bwanji sindinamuuze kuti alembe Rust? Chifukwa chikomekome cha mkuyu chimafuna kuti uutsegule. Borrow checker, mlonda wa Rust woyang'anira kagwiritsidwe ntchito ka memory, imatenga miyezi kuti muizolowere, ndipo akuluakulu akufuna kaundula wawo mvula isanagwe. Kumanga pulojekiti ya Rust koyamba pa laputopu yakale kumatenga nthawi yaitali fani ikulira, batire likutsika, magetsi kulibe. Vuto limene Rust inabadwira, la liwiro ndi chitetezo cha memory, pulogalamu ya bungwe la maliro ilibe. Ndipo chachikulu: ndinamufunsa kuti anditchulire anthu atatu muno mu Harare amene angaitole code imeneyo iye atadwala. Anatchula mmodzi, ndipo ameneyo akukonza mapepala opita kunja.

Chimene ndinamuuza n'chakuti nzeru ya Usd ndi Zig ija si ya Rust yokha. Mungaibwereke. Mu Java mumapanga ma record awiri, mu TypeScript ma type awiri, mu PHP 8 ma class awiri okhala ndi ma type, mu Python ma dataclass awiri n'kuyendetsa mypy musanakweze code. Sizikhala zolimba ngati kwa eni ake, koma zimagwira mbava yomweyo. Ngati zilankhulo zimabwerekana, wolemba naye ali ndi ufulu wophunzira kwa a Rust n'kukalima nazo m'munda wa Python.

Mbiri imachedwa kufa

Pali chifukwa china chimene mawu a mphwanga aja anandikhudzira. Ife a Chichewa muno tikudziwa mmene mbiri ya gulu imapangidwira. Makolo athu anachoka ku Nyasaland, ena ku Northern Rhodesia ndi ku Mozambique, kudzagwira ntchito zimene ena ankazikana, ndipo anapatsidwa mayina amene sindiwalemba pano. Ana awo obadwira ku Harare konkuno anakula ndi zitupa zowatcha alendo. Malamulo aakulu a dziko a 2013 anaika Chichewa pa mndandanda wa zilankhulo 16 zovomerezeka, koma nthabwala za m'kombi sizinasinthe tsiku lomwelo. Mbiri imapangidwa ndi oonera kunja, imatengedwa pa anthu ochepa, ndipo imatsala zinthu zitasintha kale.

Sindikufanizira kulemera kwa zinthu ziwirizi. Kusekedwa chifukwa cha PHP sikulanda munthu chitupa. Koma kayendedwe kake n'kamodzi, ndipo mwana wa m'banja lathu sayenera kukhala woyamba kubwereza zoti anthu akutiakuti ndi osaphunzira asanakhale nawo pansi. PHP imaweruzidwa ndi code ya 2005, Java ndi ya 2010, Rust ndi anthu khumi aphokoso. Ndinaona ndi maso anga kampani ina yaing'ono m'tauni muno ikutaya pulogalamu ya PHP imene inkagwira bwino, chifukwa wolemba watsopano anachita nayo manyazi. Anayamba kuilembanso m'zida zimene zinali m'fashoni, anachoka ntchito ili pakati, ndipo eni ake anabwerera ku Excel.

Njira yoyezera anthu a chilankhulo ndi yosavuta, ndipo ndinamupatsa ngati ntchito ya sabata imeneyo. Funsa funso limodzi la munthu woyamba m'magulu atatu, la PHP, la Python ndi la Rust, makamaka magulu a WhatsApp ndi Telegram a konkuno. Ona amene ayankhe, nthawi imene atenge, ndiponso ngati akuyankha funso lako kapena akukuuza kuti usinthe chilankhulo. Safunsa anadya phula. Kenako tsegula malonda a ntchito a mwezi uno uwerenge zimene olemba ntchito a mu Harare akufunadi, osati zimene anthu a ku San Francisco akukambirana.

Zimene tinasankha

Zinatsala ziwiri, Laravel ndi Django, ndipo kunena zoona PHP inali patsogolo pa nkhani ya hosting. Chimene chinapendeketsa sikelo ndi munthu. M'bungwe lomwelo muli mtsikana wa ku Mabvuku, mdzukulu wa mmodzi mwa oyambitsa, amene amalemba Python kuntchito kwake ndipo anavomera kuwerenga code ya mphwanga Lamlungu lililonse akaweruka kutchalitchi. Anthu awiri odziwa pulogalamu imodzi, onse ali ndi agogo m'kaundulamo. Akanakhala wa Laravel, tikanapita ku Laravel tsiku lomwelo.

Ndalama iliyonse ikusungidwa ndi mtundu wake pambali, USD kapena ZiG, ndipo palibe malo amene pulogalamu imaphatikiza ziwirizo popanda munthu kulowetsa mtengo wosinthira wa tsikulo ndi dzina lake. Anasiyanso mpata wa mtundu wachitatu. JavaScript ilimo yochepa, yongothandiza kufufuza dzina. Buku laulere lophunzitsa Rust analikopera mu laputopu kuti aziwerenga magetsi akapita, ndipo sabata yatha ananditumizira uthenga usiku kuti wamvetsa chifukwa chake Option, njira ya Rust yonenera kuti chinthu chingakhalepo kapena ayi, iposa null, ndipo wapita kukakonza malo anayi mu Python yake momwe membala wopanda foni akanagwetsa tsamba.

Mayi msungichuma anaiyesa Lachitatu. Analowetsa mayina 12, anapeza la malemu amuna awo m'kaundula wakale, anakhala chete pang'ono, kenako anafunsa ngati makinawo angatulutse risiti yokhala ndi chidindo cha bungwe, chifukwa mamembala achikulire sakhulupirira ndalama imene yapita popanda pepala. Mphwanga akulemba gawo limenelo panopa.